Funso la nambala 9

Ntchito imene ndimagwira ilibe dzina lachidule m'Chichewa. Mphunzitsi ndi mphunzitsi, namwino ndi namwino, koma munthu amene amalipidwa ndi yunivesite kuti azizungulira m'sukulu za sekondale kufunsa ana mmene akumvera mumtima, kenako n'kutha miyezi ali pa kompyuta kuwerengetsa mayankho awo, mungamutchule kuti ndani? Amayi anga anapeza njira yawoyawo. Akafunsidwa ndi anzawo a Mvano amangoti, "Ali ku yunivesite, amaona za ana osokonekera mitu." Ndinayesapo kuwafotokozera kuti ana amene ndimacheza nawo mitu yawo ili bwinobwino, ndi ana wamba a Fomu 1 mpaka Fomu 4, ena ndi mapulifekiti, ena amakhala nambala wani m'kalasi. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga ngati ali bwinobwino, iwe ukusaka chiyani mwa iwo?"

Ndisanalowe m'kafukufuku ndinali mphunzitsi wa Biology pa CDSS ina yakumudzi. Kumeneko ndinaona kuti mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba wasamukira pa desiki yakumbuyo, kenako amasiya kukweza mkono, kope lake limakhala loyera masamba angapo, mapeto ake dzina lake limangotsala m'kaundula. M'chipinda cha aphunzitsi munkamveka mawu atatu okha ofotokozera zimenezi: ulesi, mwano, zibwenzi. Nthawi zina analidi oona. Koma panali ana ena amene mawu atatuwo sankawakwana, ndipo nditaona m'nyuzipepala kuti kafukufuku wina akufuna anthu okafunsa mafunso m'sukulu, ndinalemba kalata. Kuchoka apo inabwera digiri yachiwiri, kenako yachitatu, ndipo choko ndinachisiya.

Chifukwa chimene anthu ngati ine timathamangira kusukulu n'chosavuta kumva. Bungwe la WHO likuti mwa achinyamata asanu ndi awiri aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lina la m'maganizo, ndipo pafupifupi theka la matenda oterewa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Tsono muyang'ane kumene kuli thandizo: chipatala cha Zomba Mental, chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, madokotala a matenda a maganizo oti mungawawerenge ndi zala, ndi anamwino ochepa m'zipatala za m'maboma. Mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sangayende ulendo wonsewo chifukwa choti akusowa tulo. Koma Lolemba lililonse m'mawa amakhala ataima pa asembule. Ngati thandizo lingamupeze, limupeza pamenepo.

Ntchito yeniyeni imayambira pa mawu, ndipo apa m'pamene ndimaikonda kwambiri. Mafunso ambiri amene timagwiritsa ntchito analembedwa m'Chingerezi, kwa anthu a ku America ndi ku Ulaya. Ofala kwambiri ndi amene amatchedwa PHQ-9, mafunso asanu ndi anayi amene anasindikizidwa mu 2001, ofunsa mmene munthu wakhala akumvera m'masabata awiri apitawa. Yankho lililonse lili ndi malikisi ake kuyambira 0 mpaka 3, ndipo mukaphatikiza onse munthu angafike pa 27. Kuti tiwagwiritse ntchito kuno, gulu lina limawamasulira m'Chichewa, gulu lina limene silinaone oyambirirawo limawabwezanso m'Chingerezi, kenako timakhala pansi kukangana pamene pasiyana. Mikangano yake imatha tsiku lathunthu, Fanta n'kufunda patebulo.

Tengani mawu akuti depression. Mukati "kukhumudwa", mwana amaganiza za tsiku limene mnzake anamunena miseche, ndipo aliyense m'kalasi amavomera kuti wakhumudwapo. Mukati "matenda a maganizo", ana amatseka pakamwa, chifukwa amamva kuti mukunena misala, ndipo wamisala kwa iwo ndi uja amatola zinyalala pamsika. Mawu akuti "nkhawa" ndiwo anthu amawalandira mosachita manyazi. Zaka zoposa khumi zapitazo Stan Kutcher, dokotala wa ku Canada, pamodzi ndi a Farm Radio anayendetsa ntchito yophunzitsa aphunzitsi ndi achinyamata za nkhaniyi m'Malawi ndi ku Tanzania, ndipo pulogalamu yawo ya pawailesi kuno inkatchedwa Nkhawa Njee. Dzinalo analisankha bwino. Komabe nkhawa ndi ya zimene zikubwera, mayeso a MSCE, fizi ya teremu yamawa. Mwana amene wangozizira mkati, amene sakuopa kanthu ndiponso sakufuna kanthu, mawu akuti nkhawa samugwira. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi mwayi, Chishona chili ndi "kufungisisa", ndipo Dixon Chibanda anamangapo ntchito yonse ya Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala kumvetsera mavuto a anthu. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016. Ifenso ana athu amanena zofanana, "Madamu, ndimangoganiza kwambiri," kapena "mutu umanditentha," kapena "mtima umandiwawa." Mawu ngati amenewa ndimawalemba m'kope langa lapadera, chifukwa pafomu palibe malo ake.

Palinso mafunso amene amamasulirika mosavuta koma akafika kumudzi amasanduka funso lina. Limodzi limafunsa ngati munthu wakhala akusowa chilakolako cha chakudya kapena kudya mopitirira. Mufunseni limeneli mwana wa sukulu yoyendera mu Febuluwale, amene wabwera m'mimba muli madzi okha. Ena amafunsa za kusowa tulo ndi kutopa, kwa mtsikana amene amadzuka nkhuku zisanalire kukatunga madzi, n'kuyenda mtunda wautali, usiku n'kumawerenga pa tochi ya foni. Akayankha kuti inde, ndimatopa masiku onse, malikisi ake amakwera, ndipo pakompyuta amaoneka ngati wodwala. Mwina akudwaladi. Mwinanso ndi njala ndi mtunda basi. Kusiyanitsa ziwirizi ndiye luso la ntchito yathu, ndipo ndimakayikira pepala lililonse limene limalengeza chiwerengero chachikulu cha ana ovutika maganizo popanda kunena ngati mafunso ake anayesedwa kaye poyerekeza ndi zimene dokotala wapeza atacheza ndi ana omwewo.

Funso lomaliza, la nambala 9, ndi lina. Limafunsa ngati munthu wakhala ndi maganizo oti kuli bwino atangofa, kapena oti adzivulaze. Mafunso enawo mukhoza kuwasunga m'bokosi mpaka mwezi wamawa. Ili ayi. Komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, kaya ndi COMREC kaya ndi ina, sikulolani kuyamba ntchito musanalembe zimene mudzachite mwana akachonga kuti inde. Choncho tisanachoke pasukulu, mmodzi wa ife amakhala m'galimoto kutsegula fomu iliyonse n'kuyang'ana mzere umodzi wokhawo.

Tsiku lina, pasukulu ina imene sinditchula, fomu imodzi inali ndi chizindikiro pabokosi lomaliza, lija lakuti pafupifupi tsiku lililonse. Mafomu athu sakhala ndi mayina, amakhala ndi manambala, ndipo mndandanda wolumikiza nambala ndi dzina umakhala mu envelopu yomata imene ndimasunga ndekha. Ndinaitsegula. Anali mtsikana wa Fomu 3. Kumuitana pagulu kukanakhala kumuika pambalambanda, choncho tinaitana ana asanu, ngati kuti tikungofuna kuona ngati analemba bwino zaka zawo, ndipo iye anali womaliza. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa labu.

"Wachonga apa. Unalimva bwino funsoli?"

"Ndinalimva, Madamu."

"Ukufuna tikambirane?"

Anakhala chete nthawi yaitali, akukolopa nthaka ndi nsonga ya nsapato. Zimene ananena pambuyo pake ndi zake, sindizilemba pano, kupatula kuti munali imfa ya kholo, nyumba ya achibale mmene ankawerengeredwa nsima, ndi ngongole ya fizi imene dzina lake linkaitanidwa nayo pa asembule. Ndinamukumbutsa zimene zinali pa kalata imene anasayina, kuti chinsinsi chimasungidwa pokhapokha moyo ukakhala pangozi, ndipo ndinamufunsa kuti wamkulu amene amamukhulupirira ndani. Sanatchule mphunzitsi aliyense. Anatchula mayi wina wa m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo, amene amagulitsa zitumbuwa pageti.

Pepala lathu linkati mwana wotere atumizidwe kwa namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma. Namwinoyo analipo, munthu wabwino, koma anali mmodzi m'boma lonse, ndipo tsiku limenelo anali kutali. Tinamuimbira, tinagwirizana tsiku, galimoto ya kafukufuku inamutenga mtsikanayo pamodzi ndi mayi wa zitumbuwa uja. Ndinamusiyira nambala ya 116, imene ana amaimba mwaulere, ngakhale foni analibe. Panalinso china chimene chinkandilemera: malamulo athu a milandu, amene tinatengera kwa atsamunda, analemba kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo anthu kumudzi amadziwa zimenezi. Azakhali ake atamva, funso lawo loyamba linali lakuti, "Ndiye apolisi abwera?" Anapita kuchipatala kawiri ndi galimoto yathu. Ulendo wachitatu ndalama za kafukufuku zinali zitatha, ndipo thiransipoti inachokera m'chikwama changa. Pamene ndinamva za iye komaliza anali akadali pasukulu. Sindinganene kuti ndife tinamusunga. Ndimangodziwa kuti m'lipoti lathu iye ndi kadontho kamodzi pa girafu.

Kuyambira nthawi imeneyo ndimakana kulowa m'kafukufuku amene amafunsa funso la nambala 9 koma bajeti yake ilibe mzere wa thandizo la mwana woyankha kuti inde. Ena amati ndimavuta. Ine ndimaona kuti kufunsa mwana funso limenelo n'kumusiya kuli ngati kuvundukula bala n'kuthawa ndi bandeji.

Funso lotsatira, limene ndilo phata la ntchito yathu, n'lakuti kodi chimathandiza n'chiyani. Anthu ambiri amaganiza kuti yankho n'lodziwikiratu: phunzitsani aphunzitsi, ikani nkhaniyi mu Life Skills, nkhani yatha. Umboni sukunena choncho. Ku Britain akatswiri a ku Oxford ndi anzawo anatha zaka zambiri akuyesa maphunziro ophunzitsa ana kukhazika mtima pansi ndi kusinkhasinkha, m'sukulu zoposa 80, ana oposa 8,000. Kafukufukuyo amatchedwa MYRIAD. Zotsatira zitatuluka mu 2022 zinaonetsa kuti ana amene anaphunzitsidwa sanapose anzawo amene anangopitiriza maphunziro a masiku onse, ndipo ambiri sankayeserera n'komwe kunyumba. Ndimawalemekeza anthu amenewo chifukwa anasindikiza zimene anapeza, ngakhale zinali zosiyana ndi zimene ankayembekezera. Ku Bihar, m'dziko la India, kafukufuku wotchedwa SEHER anagawa sukulu za boma zoposa 70 m'magulu atatu. M'gulu lina ntchito yokonza mkhalidwe wa pasukulu inaperekedwa kwa mlangizi wamba wolembedwa ntchito imeneyo yokha, m'gulu lina inaperekedwa kwa mphunzitsi wa pasukulu pomwepo, gulu lachitatu linali loyerekezera. Magazini ya Lancet inasindikiza zotsatira mu 2018: kumene kunali mlangizi, kuzunzana kunachepa ndipo zizindikiro za kuvutika maganizo zinatsika. Kumene ntchito inali m'manja mwa mphunzitsi, sipanaoneke kusintha.

Nditawerenga zimenezo sindinadabwe, poti choko ndinachigwirapo. Mphunzitsi amene m'mawa wakupatsa chibalo chotchetcha udzu chifukwa chochedwa, masana sungakamuuze kuti unachedwa chifukwa kunyumba kunali ndewu usiku wonse. Si kuti aphunzitsi ndi ouma mtima. Ali ndi makalasi odzaza mpaka pakhomo, silabasi yoti ithe mayeso a MANEB asanafike, ndi mavuto awoawo a ngongole za katapila. Kuwasenzetsa uphungu pamwamba pa zonsezo, pambuyo pa maphunziro a masiku atatu ku hotela ya kunyanja, n'kudzinamiza. Njira imene imandikopa ndi ya ku Kenya, ya Shamiri, imene anayambitsa Tom Osborn ndi anzake. Amatenga achinyamata amene angomaliza kumene sekondale, kuwaphunzitsa, n'kuwatumiza kukatsogolera timagulu ta ophunzira kwa masabata anayi, ola limodzi pa sabata, osatchula n'komwe dzina la matenda. Amakambirana za kuyamika, za zimene munthu amaziona kuti n'zofunika pa moyo wake, ndi zakuti nzeru zimakula. Kuno achinyamata a MSCE amene akungokhala pakhomo ndi ambirimbiri. Koma kuti zinayenda ku Nairobi sizikutanthauza kuti ziyenda ku Ntchisi. Pafunika wina aziyese, aziyeze, anene zoona zake. Wina ameneyo ndi anthu a ntchito yanga.

Tsono anthu a ntchito yangawo amakhala bwanji? Izi sizikambidwa kawirikawiri pa misonkhano. Chiyambireni sindinakhalepo ndi kontirakiti yopitirira zaka ziwiri. Malipiro anga sachokera ku boma, amachokera ku thumba la kafukufuku amene ndikugwira, ndipo kafukufuku akatha, malipiro amatha naye. Kubanki akaona kalata yanga ya ntchito amamwetulira n'kundiuza kuti ngongole ya nyumba ndi ya anthu a ntchito yokhazikika. Miyezi itatu kapena inayi pa chaka imathera pa kulemba mapempho a ndalama, ndipo ambiri amabwerera ndi kalata yaulemu yokana. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, bajeti ya mafuta imene tinalemba chaka chapitacho inasanduka nthabwala. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, anzanga angapo a m'makafukufuku a zaumoyo anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ndipo kaye ameneyo kwa ena sanathe.

Pali zabwino zimene zachitika, ndisabise. Pulogalamu ya AMARI, imene inalumikiza mayunivesite a ku Zimbabwe, Malawi, Ethiopia ndi South Africa ndi ndalama za Wellcome Trust, inaphunzitsa gulu la akatswiri a kuno kwathu mpaka digiri ya udokotala, ndipo lero pali Amalawi amene akutsogolera kafukufuku wawo m'malo mongonyamulira ena zikwama. Anthu ngati Chiwoza Bandawe akhala akulemba ndi kuyankhula za thanzi la m'maganizo kwa zaka zambiri, pa nthawi imene nkhaniyi inkaoneka ngati ya azungu. Komabe mchitidwe wakale sunatheretu. Ndinagwirapo ntchito ndi gulu lina lakunja kumene ife tinamasulira mafunso, tinapempha chilolezo kwa mafumu ndi makolo, tinakankha galimoto m'matope, koma pepala litatuluka mayina athu anali pakati, pamalo pamene palibe amene amayang'ana. M'ntchito ino dzina loyamba ndi lomaliza papepala ndiwo ndalama. Ndiwo amakukweza pa udindo, ndiwo amakupezera thumba lotsatira.

Chimene yunivesite imawerenga ndi mapepala osindikizidwa m'Chingerezi, m'magazini amene mphunzitsi wamkulu wa CDSS sadzawaona. Tsiku lobwerera kusukulu kukafotokoza zimene tapeza silikwezetsa munthu pa ntchito, koma ine ndimapita. Pa msonkhano wina wotere, m'dera limene namondwe wa Freddy anasakaza mu Malichi 2023, kumene makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndinafotokoza zonse m'Chichewa, makolo ndi mafumu ali pomwepo. Ana kumeneko anatiuza kuti mvula ikayamba kugunda pa malata, m'kalasi simumvekanso za mphunzitsi, aliyense maso amakhala kuphiri. Nditamaliza, aphunzitsi aakulu anaimirira, bambo wachikulire wa jekete lotuwa.

"Madamu, tathokoza. Zimene mwanenazi ife timaziona, kungoti inu mwaziika m'manambala. Tsono poti mwatiuza kuti ana athu akuvutika, Lolemba tichite chiyani?"

Ndinawauza zimene umboni ukuloza: kusiya kuitana mayina a angongole pa asembule, kupeza munthu mmodzi wosagwira chibalo amene ana angamufikire, kulimbikitsa gulu la amayi lija, kudziwa tsiku limene namwino amapezeka. Analemba zonse m'kabuku kawo. Kenako anafunsa ngati tidzabwerenso chaka chamawa, ndipo ndinawayankha kuti zidalira ngati pempho lathu la ndalama livomerezedwe. Anagwedeza mutu ngati munthu amene yankho limenelo analimvapo kwa alendo ena ambiri.

Mwezi watha bungwe lina losakhala la boma linandiitana kuti ndikakhale woyang'anira ntchito zawo ku Lilongwe. Malipiro ake ndi owirikiza, pali galimoto, pali inshuwalansi yakuchipatala ya ine ndi ana anga awiri. Amalume anga, amene anandilipirira fizi bambo atamwalira, anandiimbira foni okha. "Mphwanga, sukulu tinakutumiza kuti uzivutikanso? Mapepala akowo ana adya?" Sindinawatsutse. Anzanga amene tinayamba limodzi, wina ali ku Cape Town, wina ku London, wina anatsegula shopu ya zipangizo zomangira nyumba ndipo ndiye wanenepa kuposa tonse.

Kontirakiti yanga ikutha mu Juni. Bungwe lija landipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno kuti ndiyankhe. Pakadali pano pa laputopu panga pali pempho la masamba makumi atatu, lofuna kuyesa m'sukulu zoyendera ngati achinyamata omaliza Fomu 4 angathe kutsogolera timagulu ngati ta ku Kenya tija, m'Chichewa, ndi mawu a m'kope langa lapadera lija. Mu bajeti ndaikamo mafuta a njinga yamoto ya namwino ndi thiransipoti ya mwana aliyense wochonga funso la nambala 9, kwa miyezi isanu ndi umodzi kafukufuku atatha. Mnzathu wakunja amene tikulemba naye wandilembera kuti mzere umenewo ukukweza mtengo, mwina tiuchotse kuti pempho lipikisane bwino. Ndamuyankha kuti ukhale. Tikutumiza Lachisanu, ndipo opereka ndalama akuti adzayankha mu Ogasiti.